Manyowa Saonetsa Mlendo

Ku Ufumu wa Adzatiseka timadziwika ndi zinthu ziwiri, dzuwa ndi tsache. Dzuwalo tinangolipeza, palibe analiitana. Koma tsache ndi nzeru zathuzathu, ndipo timalinyadira. Kwathu kuno munthu akamva kuti kukubwera mlendo, asanafunse n'komwe kuti mlendoyo ndani, dzanja limakhala lafika kale kuseri kwa chitseko. Timasesa pabwalo, timasesa njira, timasesa pansi pa mitengo, kenaka miyala ndi mitengo yomwe timaipaka laimu kuti nayonso ioneke yosamba. Zinyalala timaziunjika n'kuzitentha pompo, poopa kuti mlendo angaone mulu n'kudziwa kuti tinali nazo. Mwana wathu akhoza kugona ndi njala, koma sagona pakhomo posasesa. Za mvula musafunse. Imagwa mwa apo ndi apo, ndipo alipo amene amati ikasuzumira pansi n'kuona mmene tayeretsera, imachita manyazi kudetsa, n'kungopitirira.

Mwini tsache lalikulu m'dziko lonse anali a Tadeyo Chisambiro, Mkulu Woona za Kulandira Alendo kunyumba ya mfumu. Anali bambo wamfupi, wamimba yaulemu, wezulo ali m'khosi, ndipo ankalamulira gulu la amatsache limene linkatsogolera wamkulu aliyense kulikonse kumene akupita. Ntchito yawo ankaikonda ndi mtima wonse, osati mwachiphamaso. Akaima kumapeto kwa msewu wosesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka pafumbi, misozi inkalengeza m'maso mwawo.

Mavuto anayamba ndi tiyi. Mtsinje wathu waukulu, umene pamapu umalembedwa kuti Unalipo, unauma mpaka nzimbe zonse zinasanduka bango. Shuga tinayamba kugula kwa anansi athu a ku Ufumu wa Tilinazo, anthu a madzi ambiri ndi pakamwa posatseka. Iwowa anayamba kunena m'mabasi mwawo kuti ife a ku Adzatiseka timatakasa tiyi wopanda shuga ndi supuni pongofuna kuti oyandikana nawo amve phokoso. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinatiwawa.

Mfumu Gomelo Wachitatu inaitanitsa bwalo la nduna. Pabwalopo panaimirira mlangizi wamkulu wa zaulimi, a Fabiyano Mlomba, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro akunja, atavala nsapato zoyera mbee. Anatulutsa kathumba ka njere.

"Mfumu yanga, kumene ndinaliko shuga safinya ku nzimbe zokha ayi. Kuli mbewu ina, masamba ake onga a mpiru, koma pansi imabereka chinthu choyera, chonenepa kuposa mbatata. Chimenecho ndiye amafinya. Siimwa madzi ngati nzimbe. Koma m'dziko louma ngati lathu lino imafuna chinthu chimodzi."

"Chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Manyowa. Ndowe, zitosi za nkhuku, za m'khola la mbuzi. Kuthira mozungulira phando lililonse, kenaka kuphimbira pamwamba ndi udzu ndi mapesi. Zimenezo ndi zimene zimasunga chinyontho dzuwa likakwiya."

Nduna Yaikulu, a Mkokomo, anatsokomola. "A Mlomba, pano ndi pabwalo la mfumu. Enafe tangodya kumene."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, osati za mbewuyo, koma za dzina lake, pakuti lakunjalo linkapinda lilime. Pomaliza linatuluka lamulo lakuti izitchedwa nzimbe yapansi. Kunatsala kupeza munda wachitsanzo. Nduna zonse zinali ndi minda, koma zonse zinayamba kuchita chidwi ndi denga. Apa ndi pamene a Tadeyo, amene ntchito yawo pabwalo inali yongoona kuti mipando yaima bwino, anamva mtima ukuwakankha. M'maganizo mwawo anaona kale galimoto za akuluakulu zikukhotera kumudzi kwawo ku Fumbilokha, kumene chiyambire sikunafikepo ngakhale njinga yamoto ya boma.

"Mfumu yanga," anatero atagwada, "mlongo wanga ali ndi munda m'mphepete mwa Unalipo."

Bwalo lonse linaomba m'manja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo a Tadeyo sanakumbukeko mwambi uliwonse.

Mlongo wawoyo, a Dolika, anali mayi wamasiye wa ana atatu. Chuma chawo chinali timbuzi, tinkhuku, ndi munda umodzi womwewo, umene chaka ndi chaka unkawapatsa mapira ndi khobwe wongokwanira kufika nawo masika ena. A Tadeyo ndiwo anali mwinimbumba. Ana aja akadwala kapena kugona ndi njala, mudzi wonse unkaloza amalume awo.

"Ndiye mwati ndisadzale mapira?" anafunsa a Dolika, akupeta khobwe pakhonde.

"Chaka chino chokha, chemwali. Dengu lililonse la nzimbe yapansi, kunyumba ya mfumu adzakupatsani dengu la chimanga. Chimangatu, osati mapira. Ndipo dzina la banja lathu lidzamveka pa wayilesi."

"Dzina ine sindinalionepo likuwira mumphika, achimwene. Zikakanika, anawa adzadya chiyani?"

"Zikakanika mudzandifunse ine."

"Ndidzakufunsanidi," anatero a Dolika, ndipo anavomera chifukwa anali achimwene awo.

Akavomera chinthu a Dolika sankachita mwaulesi. Anakokolola khola lawo mpaka pansi, anayenda khomo ndi khomo kupempha zitosi, anasenza mapesi ndi udzu mpaka khosi kuuma. Mvula yoyamba itawaza anadzala, mbewu zitamera anathira manyowa pa phando lililonse n'kuphimbira monga ananenera mlangizi. Ndipo taonani, pakati pa dziko la mbuu panatuluka kamunda kobiriwira, masamba ali gwa ngakhale masana. Ukalowetsa dzanja pansi pa udzu uja, dothi linali lozizira. Anthu odutsa ankaima, kukamwa yasa.

Mbiri inafika kulikulu, ndipo nduna zinati zikaone ndi maso. Monga mwa ntchito yawo, a Tadeyo anatsogola ndi gulu lawo. Atafika pamunda anasangalala, kenaka anayang'ananso kachiwiri ndi maso a ntchito. Paliponse panali udzu wouma, mapesi owola, ndi timibulu ta mbuzi tili mbwee. Ndipo kafungo kanaliponso. Iwo ankadziwa bwino lomwe chifukwa chake zinthuzo zinali pamenepo, pakuti tsiku limene a Mlomba ankafotokoza analipo. Koma anaganiza za a Mkokomo akutsika galimoto, akukweza mphuno, akufunsa kuti kodi kwawo kwa Chisambiro n'kuno?

"Tingochotsa lero lokha, chemwali. Akangopita tibwezeretsa."

A Dolika anayang'ana munda, nayang'ana achimwene awo. Nawonso anali mwana wa ku Adzatiseka. "Chabwino. Koma muike pambali bwinobwino."

Wezulo analira. Matsache a gulu la a Tadeyo si oseweretsa, amakokolola ndi dothi lapamwamba lomwe. Pofika masana munda unali see, mbewu iliyonse itaima yokhayokha. Zonse zinaunjikidwa kumalire monga analamulira. Tsoka lake, palibe anauza gululo kuti mulu uwu ndi wosiyana ndi milu ina yonse imene linaunjikapo chibadwire. A Tadeyo akupaka laimu miyala ya m'njira, anangomva fungo la utsi.

M'mawa mwake nduna zinafika, zinayamikira, zinajambulitsa. A Mlomba anaima pakati pa munda n'kulankhula nthawi yaitali za ubwino wa manyowa, ndipo analankhula zoona zokhazokha. Nduna ya Zamvula, imene inalibe chochita chaka chonse ndipo inkakonda mafunso, inakweza dzanja.

"Nanga manyowawo ali kuti, a mlangizi?"

"Ali m'ndondomeko, bwana."

Onse anagwedeza mitu mokhutira. Pokwera galimoto a Mlomba anakokera a Tadeyo pambali. "Mubwezeretse msanga zija, apo ayi mbewuzi zipsa. Komabe mwachita bwino kusesa, akulu. Nsapatozi n'zovuta kuchapa."

A Dolika anayambiranso. Ulendo uno makola a m'mudzi anali atapereka kale zimene anali nazo, choncho anayenda mpaka midzi ya kuseri kwa phiri, dengu pamutu, ana pambuyo. Mbewu zinali zitayamba kudzutsa mitu pamene uthenga wina unafika: kukubwera akazembe a ku Tilinazo. Tinawaitana dala kuti adzaone, achite nsanje, asiye za supuni zija. Ndiye ngati timasesera anthu akwathu, kuli bwanji akunja, amene akabwerera amakanena? A Tadeyo anaima pamalire a munda nthawi yaitali, wezulo ali m'manja. Kenaka anaimba wezuloyo. Ulendo uno anaimirira pa mulu iwo eni kuti usatenthedwe, koma a Mkokomo anatumiza mawu akuti mulu ukuoneka kuchokera kumsewu, ndipo ngolo inabwera n'kukautaya kuphompho.

Kazembe wamkulu wa ku Tilinazo anayendera mundawo manja ali kumbuyo. "Kwathu malo oyera chonchi timaseweretsapo mpira," anatero. Ife tinaomba m'manja, ndipo wayilesi inalengeza kuti alendo agoma.

Alendo atapita, a Dolika anaitana achimwene awo kumunda. Linali dzuwa la paliombo, ndipo masamba onse anali lende, atagona pansi. Anazula mbewu imodzi n'kuwapatsa m'manja. Muzu wake unali wochepa ngati chala.

"Ichi ndiye chidzadzaze dengu?"

A Tadeyo anautembenuza muzuwo m'manja, ndipo a Dolika anapitiriza.

"Amati mlendo ndi mame, achimwene. Koma alendo anuwa akubwera kudzamwa mame athu. M'nkhokwe mwatsala mapira ofika m'mawondo. Anawa ndayamba kuwaphikira kamodzi patsiku, ndipo ndimawauza kuti ndi lamulo la mfumu kuti asalire. Munati ndidzakufunseni. Ndayamba kufunsa."

Mawu amenewa anawalasa a Tadeyo. Anabwerera kulikulu ali ndi chisoni chenicheni, ndi manyazi a mtundu wina umene anali asanaumvepo, manyazi opanda mlendo woonerera. Ataonetsa a Mlomba muzu uja, mlangiziyo anapukusa mutu. Anati munda ukaphimbiridwanso msanga, n'kusiyidwa choncho mpaka kukolola, mizu ikhoza kunenepako. Koma tsache likangodutsanso kamodzi, basi, aiwale.

Sabata yomweyo kunalengezedwa kuti Mfumu Gomelo mwini wake ikupita kukaona mundawo.

Pa bwalo lokonzekera ulendowo, a Tadeyo anachita chinthu chimene Mkulu Woona za Kulandira Alendo sanachitepo m'mbiri ya ufumu. Anavula wezulo, anamuika pansi, nagwada.

"Mfumu yanga, ndikupempha kuti ulendo uno tisasese."

Nduna ina yokalamba inafunsa mnzake ngati yamva bwino, itauzidwa kuti inde, inapempha madzi.

A Tadeyo anafotokoza zonse, za utsi, za phompho, za muzu wonga chala, za ana odya kamodzi. Atamaliza, nduna zinayamba kuthandiza, pakuti kwathu kuno sitisowa maganizo. Nduna ya Zamvula inati manyowa akhale, koma kambulu kalikonse kapakidwe laimu. Ina inati ayi, munda wonse uyalidwe mphasa, mbewu zizingotulukira pa mabowo. Ina inati Mfumu ipite, koma iyendere mundawo chafutambuyo. Pomaliza a Mkokomo anaimirira, nakonza mkanjo.

"Abale anga, tisapsetsane mitima. Tonse tavomereza kuti manyowa ndi chuma cha dziko. Tsono chuma chimasungidwa poyera? Chimabisidwa. Lamulo likhale lakuti manyowa azikhala m'munda masiku onse, kupatula tsiku limene pali munthu woti awaone."

Manja anali atayamba kale kuombedwa pamene Mfumu inakweza ndodo. Mfumu Gomelo inali nkhalamba yofatsa, ya maso otopa, yozolowera kuvomereza zimene zavomerezedwa kale. Koma tsiku limeneli inalankhula.

"Ine ndisanalowe ufumu ndinkaweta mbuzi kwa amayi anga. Fungo la khola m'mawa ndimalidziwa, ndipo ndimalisowa. Chilowereni ufumu, kulikonse kumene ndapita ndimaponda mizere ya tsache. Ndimaona mbuzi, koma za mbuzi sindiziona. Nthawi ina ndinafika poganiza kuti mbuzi za m'dziko langa zinaleka. Ndikufuna ndikaone munda monga ulili. Pasapezeke wosesa. Ndalamula."

A Tadeyo anagwa chafufumimba kuthokoza. Anatuluka pabwalo ali wopepuka, akuona kuti ana a mlongo wawo apulumuka.

Lamulolo linakalengezedwa pamsika wa Tangomva, umene umatumikira Fumbilokha ndi midzi yozungulira. A Tadeyo anaima pambali pa wolengeza kuti aone mmene anthu alilandirire. Wolengeza atamaliza, anthu anayang'anana, kenaka anayamba kumwetulira mwanzeru.

"Koma Mfumu yathuyi ndi yaulemu," anatero bambo wina wogulitsa fodya. "Yati tisavutike."

"Eya, ngati mlendo uja amati musaphike, ndadya kale," anayankha mayi wogulitsa matemba. "Ndiye iwe n'kukhaladi osaphika? Ndi pamene umagwira tambala."

"Ayi, amayi," analowererapo a Tadeyo. "Ikunenetsa. Ikufunadi kuona manyowa."

"Inde, bwana, tamva. Apongozi anganso amati akufuna kugona pansi, koma tsiku limene ndidzawagonekedi pansi, ukwati watha."

Mayi wogulitsa matsache, a Nachisale, ndiye anali kale pakalikiliki kumasula mitolo ina. "Chaka chija anati tisavine polandira nduna, tinavina mpaka nsapato kutha, ndipo ananena kuti ndife anthu omvera. Akati musasese, ndiye kuti sesani kawiri. Bwerani, bwerani, otsala ndi omwewa!"

A Tadeyo anaona kuti pakamwa sipathandiza. Anatuma gulu lawo lomwe lija kuti lilande matsache onse a ku Fumbilokha, a pamsika ndi a kuseri kwa zitseko, n'kuwatsekera m'chipinda cha kusukulu, kiyi n'kumumangirira m'chiuno mwawo. Anthu anapereka mosavuta, akutsinzinirana diso, poganiza kuti zimenezinso ndi mbali ya ulemu womwewo. Kenaka a Tadeyo anapempha ngolo ya kunyumba ya mfumu, anaidzaza ndowe za m'khola la mfumu, navula jekete. Anthu a ku Fumbilokha anaona zimene sankayembekeza kudzaona: Mkulu Woona za Kulandira Alendo atapinda buluku, akugawa ndowe ndi manja, phando ndi phando, mlongo wawo akubwera pambuyo ndi udzu. Anakumba mchenga wa Unalipo mpaka anapeza timadzi, nathirira ndi zitini. Msana unawawa, manja anatuluka matuza, koma a Tadeyo anali asanakondwepo chotero. Patapita masiku, masamba anayamba kudzuka.

"Mwaona, chemwali? Zitheka."

"Zikuoneka," anatero a Dolika. Koma ankayang'ana munda uja mwa mtundu wina, akuluma mlomo. "Ndiye Mfumu idzadutsa apa? Pa ndowepa?"

"Pomwepa. Yapempha yokha."

"Ndipo a wayilesi adzakhalapo?"

"Ndi ojambula omwe."

A Dolika anawerama n'kupitiriza kuyala udzu.

Madzulo a tsiku lomaliza a Tadeyo anaika alonda kuzungulira munda, nawalamula kuti munthu wa m'mudzi aliyense wofuna kulowa abwezedwe. Anakagona mtima uli m'malo.

M'mawa wa tsiku lalikulu anavala suti yawo, nauyamba wa kumunda akuimba kamluzu. Atakhota pa mtengo wa mlambe, kamluzu kanathera m'kamwa. Kumalire a munda kunkafuka utsi.

Anathamanga, mimba ikutsogola. Munda unali see. Kuyera kwake kunaposa maulendo awiri aja, pakuti panalibe ngakhale kaudzu kamodzi. Pakati pake panali a Dolika, chitenje chili m'chiuno, thukuta lili kamukamu, m'manja muli nthambi za masamba zomangidwa ndi luzi. Alonda anali chapatali, nawonso ali ndi nthambi zawo, akumalizitsa m'makona.

"Munati tibweze anthu a m'mudzi, bwana," anatero mkulu wa alonda. "Awa ndi eni munda. Ndiye titaona mayi akuvutika okha, tinati si ulemu kungoyang'ana."

A Tadeyo sanamumve n'komwe. "Chemwali! Mwachita chiyani?"

"Ndasesa."

"Mwapha munda! Mwapha chimanga cha ana!"

"Ndikudziwa, achimwene, musandikalipire ngati mwana. Usiku wonse ndakhala ndikudziuza zomwezo." Anatsitsa nthambi zija. "Koma kutacha ndinabwera kudzangoona, ndipo ndinaima apa n'kuganiza: Mfumu ya dziko lonse, kubwera koyamba chilengedwere Fumbilokha, ifike pamunda pa Dolika, iponde ndowe? Dziko lonse lione pa chithunzi? Adzati mayi ameneyu analeredwa ndi ndani? Amayi athu ali kumanda adzatembenuka. Njala imatha, achimwene, anthu amaiwala kuti unaonda. Koma zoti unalandirira Mfumu pa ndowe, adzanena mpaka kwa zidzukulu za ana angawa."

"Koma yapempha yokha!"

"Alendo onse amapempha."

A Tadeyo anafuna kukalipa, anafuna kulira, koma kumsewu kunamveka malipenga a galimoto, ndipo amayi a m'mudzi anayamba nthungululu. Miyendo yawo inawatengera yokha pamalo awo a nthawi zonse, kumanzere kwa Mfumu, pambuyo pang'ono.

Mfumu Gomelo inatsika, inakoka mpweya wautali ndi mphuno ngati munthu wofika kwawo, ndipo inangomva utsi ndi laimu. Inayang'ana munda. Inayang'ana mizere ya nthambi pafumbi. Nkhope yake inagwa.

"Inetu ndinapempha," inatero motsitsa.

"Ndipo anthu anu anamva, Mfumu," anayankha a Mkokomo mwansangala. "N'chifukwa chake asesa chonchi."

Mfumu inayamba kuyenda pakati pa mizere, pang'onopang'ono, maso ali pansi, ikufunafuna. Ndipo a Tadeyo, amene maso awo anaphunzitsidwa zaka zambiri kuona chimene ena sanachione, anachiona poyamba. Patsogolo pang'ono, patsinde pa mbewu ina, panali kambulu kamodzi ka mbuzi kamene kanapulumuka nthambi za a Dolika. Kanali pomwe Mfumu inkalowera. Ikanangoyenda pang'ono, ikanakaona.

Zimene zinachitika, a Tadeyo mpaka lero sadziwa kuzifotokoza. Mutu wawo unkati, kasiye, kamenekatu ndiye umboni, ndi kamene Mfumu yadzera. Koma thupi silinafunse mutu. Anangozindikira atawerama ngati akukonza chingwe cha nsapato, dzanja lapita, labwera, ndipo kambulu kali m'thumba la suti. Anachita mwaluso kwambiri moti ngakhale ojambula sanaone.

Mfumu inafika kumapeto kwa mzere, inaima, inapumira m'mwamba. "Paukhondo," inatero, ndi mawu a munthu wopepesa maliro. Anthu anaomba m'manja mpaka kuwawa. A Mlomba analankhula za ubwino wa manyowa, a Mkokomo analengeza kuti munda wa a Dolika ndi chitsanzo cha dziko lonse ndipo minda yonse izisamalidwa chomwecho, kwaya inaimba, alendo anayamba kukwera galimoto.

Dzuwa linali litafika pamutu. Popanda chophimba, dothi linali lotentha moti linkaotcha kudzera m'nsapato, ndipo masamba anali atayamba kale kugona, mzere ndi mzere. Awiriwo anatsala okha pakati pa munda. Ana a Dolika anali pamthunzi wa mlambe, akunyambita mapepala a mabisiketi amene alendo anasiya.

"Akondwa koma?" anafunsa a Dolika.

"Akondwa," ananama a Tadeyo.

"Basi. Njala ikubwera, ndikuiona. Koma ikafika ipeza tasesa."

Anaseka pang'ono, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. A Tadeyo anayang'ana ana aja, nayamba kuwerengera mumtima kuti chakudya cha kunyumba kwawo chikagawidwa pawiri chifika mwezi uti, ndipo sichinkafika patali. Analibe woti amuloze chala. Mfumu inalamula zabwino, mlangizi ananena zoona, mvula inachita zimene imachita chaka chilichonse. Anapisa dzanja m'thumba kufuna mpango, ndipo anakhudza kambulu kaja.

Anakatulutsa. Anakayang'ana pachikhatho, kakang'ono, kouma, manyowa onse otsala m'munda wachitsanzo wa Ufumu wa Adzatiseka. Anagwada ndi suti yomwe patsinde pa mbewu imene inali isanagone kwenikweni, nayamba kufukula kadzenje ndi chala.

"Achimwene!" ananong'oneza a Dolika mwamantha, akuyang'ana kumsewu. "Bwezani m'thumba. Galimoto yomaliza sinakhote."

A Tadeyo anacheuka. Zoonadi, galimoto imodzi inali ikadali pa mlambe, ndipo pawindo panali nkhope ya munthu.

Anabweza m'thumba.